Chaka chimene Menino anasungunuka

Menino anali wautali ngati mkono wa munthu wamkulu, kuyambira pachigongono mpaka kuzala. Tinkamutchula choncho, m'Chipwitikizi, monga ankamutchulira ansembe amene anabwera naye. Kanali kachifanizo ka Mwana Yesu, koumbidwa ndi dothi loyera la kwa azungu, masaya ofiira, manja otambasula, chala chimodzi chothyoka. Chaka chonse ankagona m'bokosi kuseri kwa guwa la kapela yathu, kufupi ndi Majaua. Ankatuluka pa Khirisimasi pokha, imene kwathu timati Natale, ndipo mapemphero akatha mudzi wonse unkandanda, wamkulu ndi wamng'ono yemwe, kukagwada ndi kumupsompsona phazi. Phazi lakumanja linali litayera ndi milomo ya anthu. Mpaka lero ndimakumbukira kuzizira kwake pamlomo panga, ndi fungo la bokosi lija, la mphemvu ndi makandulo akale.

Nkhondo imafika kwathu ansembe atapita kale. Amalume, amene anali wosunga kapela, anamuika Menino mumphika, navundikira ndi phale, nakamukwirira pansi pa mtengo wa mango. Anachita bwino, poti pasanapite nthawi kapela inapsa. Ife tinasamukira m'mbali mwa phiri, m'zisakasa za udzu, ndipo Lamulungu tinkapemphera pansi pa mkuyu. Otsogolera anali aphunzitsi athu a katekisimu, bambo wamfupi wa malaya amodzi, magalasi awo omangidwa ndi luzi. Misa tinali titaiiwala. Iwo ankawerenga Mawu, kutiphunzitsa, kubatiza makanda ndi kuika maliro.

Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, ndiye ndinena mosazungulira zimene nthawi imeneyo palibe anandiuza. Abambo anali atawoloka mtsinje wa Ruo kalekale kukagwira ntchito kuminda ya tiyi ku Malawi. Iwo ali komweko, anthu a mfuti anawapeza amayi kumunda nawatenga kuti akasenze chimanga. Anakhala kumeneko dzinja lonse. Anabwerera chimanga chitauma, ataonda, mapazi atang'ambika, ali ndi pakati. Mwana anabadwa m'chilimwe, wamwamuna, wamasaya, watsitsi lambiri. Sanali wa abambo, ndipo phiri lonse linkadziwa zimenezo kupatula ine.

Kwathu khanda silikhalitsa m'manja amodzi. Likangotuluka m'chikuta limayenda, uyu alinyamule, uyo alivinitse, wina alinene mphuno kuti yatengera akuchimuna. Koma mlongo wangayu palibe ankamupempha. Amayi anzawo akabwera kudzapala moto ankayang'ana kudenga, ngati kudengako kuli nkhani. Ngakhale dzina analibe, poti wopereka dzina anali abambo, ndipo popanda dzina aphunzitsi sakanamubatiza. Ine ndinkangoti Mwana. Ndinaganiza kuti anthu akumuopa chifukwa ankabweza mkaka paphewa la munthu, ndipo kunena zoona ndinakondwa nazo. Anzanga ankabereka zitsononkho, ine ndinkabereka mwana weniweni, wofunda, wonunkhira mkaka ndi utsi, popanda wondilanda. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu kapena zinayi, ndipo ndinkayenda motukumuka.

Amayi anali oyambitsa nyimbo m'kapela, koma chibwerere sanaimbenso. Lamulungu ankakhala patali, pamwala wa kunja kwa mthunzi wa mkuyu, mpango utatsika mpaka m'maso.

Abambo anabwera ndi mvula yoyamba. Anabweretsa mchere, sopo, shuga pang'ono ndi buledi mmodzi. Inu amene simunaone nkhondo simungamvetse za mcherewo. Tinkadya ndiwo zothira chidulo basi, ndipo tsiku limenelo ndinanyambita chikhatho mpaka lilime kuwawa. Buledi ndinamudya pang'onopang'ono, kuyambira pakati pofewa, khoko ndinabisa m'udzu wa denga, nyerere n'kundithandiza. Koma abambo sanalowe m'chisakasa chathu. Anayala mphasa yawo kwa amalume, ankadya komweko, ndipo akakumana ndi amayi panjira ya kuchitsime ankapatsana moni wa ulemu ngati anthu a mipingo yosiyana.

Amalume ndiwo anali ankhoswe, choncho anayesetsa. Madzulo ena dzuwa lisanalowe ndinawamva awiriwo akukambirana kuseri kwa nthochi, ine ndikutola mango akugwa okha.

"Alamu, mlongo wanu ndilibe naye mlandu," anatero abambo. "Sanapite yekha. Koma maso anga akukana."

Ananenanso kuti Natale ikangopita awolokanso, ndipo anditenga ine kuti ndikayambe sukulu kutsidya. Amayi ndi Mwana atsala. Ine ndinamvapo zinthu ziwiri: kuti abambo akudwala maso, ndi kuti ndikupita kudziko la buledi. Ndinathamanga kukawauza amayi uthenga wabwinowo. Iwo anali akusenda chinangwa. Anangoti, "Chabwino, mwanawe," mpeni osaima. Ndikakumbukira m'mene ndinavinira pamaso pawo tsiku limenelo, mtima umandipweteka.

Nyengo ya Adiventi itafika, aphunzitsi analengeza kuti chaka chino Natale tichita yonse, ndi sewero lomwe, nkhondo ifune isafune. Mfuti zinali zitakhala chete kwa kanthawi. Anatuma amalume kuti akamufukule Menino, ndipo ana tonse tinawatsata kumudzi wakale, tikuponda m'mapazi mwawo monga tinaphunzitsidwira poopa mabomba okwirira, osapatuka olo kukathyola bowa. Mudzi unali utamera thengo. Amalume, amene ankadzitama kuti saiwala kanthu, anaima pakati pa mitengo ya mango akukanda dazi lawo. Anakumba apa, nakumba apo, thukuta kamukamu, akuimba mlandu mitengo kuti yasuntha. Pomaliza khasu linagunda phale.

Madzi a mvula anali atalowa mumphika. Amalume atapisa dzanja anatulutsa phala loyera, ngati la ufa wa kondowole. Menino yense anali atasungunuka. Tinabwerera kuphiri ndi mphika wa matope, ndipo agogo ena a mumpingo, amene anamupsompsona Menino kuyambira ali mtsikana, anakhala pansi n'kulira maliro enieni, otchula ndi mayina a abale awo onse amene anapita.

Amalume sanagonje. Anati kuumba si nkhani, iwo anaonerera amayi awo akuumba miphika. Anakatapa dongo kudambo naumba mwana, koma atamuyanika padzuwa mutu unagwa n'kugubuduzika mpaka m'mapazi mwa aphunzitsi. Anatenga sompho nasema wina wa mtengo. Anatha masiku ali kuseri kwa chisakasa, osalola munthu kusuzumira. Tsiku lomuonetsa anachotsa tsamba la nthochi monyadira. Mwanayo anali ndi chipumi chotukuka, makutu otambalala ndi dazi. Anali amalume enieni, kungochepa msinkhu. Aphunzitsi anavula magalasi, napukuta, navalanso.

"Bambo, uyu ndi Herode," anatero.

Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa. Ngakhale abambo, amene chibwerere anali asanaonetse dzino, anatembenukira kumbali mapewa akugwedezeka. Kuyambira tsiku limenelo mbali ya Herode m'sewero inapeza mwini wake, ndipo amalume anailandira ndi manja awiri.

Masiku okonzekera sewero ndiwo anali okoma koposa m'ubwana wanga wonse, ndipo sindichita manyazi kunena kuti anali masiku a nkhondo. Mango anali mbwee, manja athu ali nyatanyata, ntchentche zikutilondola. Mvula ikakata tinkathamangira ngumbi. Ng'oma zinali zoletsedwa poti mawu ake amapita kutali, ndiye tinkaimba motsitsa, kuwomba m'manja ndi zala ziwiri zokha, anyamata awiri atakhala pathanthwe kuyang'ana njira ya ku Milange. Ine ndinali mngelo. Mapiko anga anali a masamba a nthochi opaka ufa wa chinangwa, ndipo ndinkayeserera Mwana ali kumbuyo, mutu wake ukusuzumira pakati pa mapikowo. Abusa a m'sewero anapatsidwa mbuzi yeniyeni, imodzi yokhayo imene inatsala paphiri lonse, yoleredwa mobisa m'phanga. Mbuziyo inadya phiko langa lakumanzere ine ndikulengeza uthenga wa chimwemwe, ndipo ndinaimenya khofi pamaso pa aphunzitsi.

Koma za phazi loti tipsompsone zinali zisanathe. Wina anati tikulunge chipanda m'nsalu. Wina anati chaka chino mwambowo ungodumphidwa. M'mawa wina aphunzitsi anafika pakhomo pathu, nakhala pamwala, nalonjerana ndi amayi mwachifatse, za mvula, za mbewa zimene zinkafukula chimanga. Kenaka anati abwera kudzabwereka mwana.

"Aphunzitsi, musatiyalutse," anatero amayi, maso ali pansi. "Zimene tili nazozi zakwana."

Aphunzitsi anati paphiri lonse khanda logona phee m'lichero ndi lomweli, ena onse ali ndi mano, angalume Akhristu. Amayi anakana. Aphunzitsi anabweranso mawa lake, ndi mkuja wake, mpaka amayi anatopa nawo n'kunena kuti mwanayo akapita ndi mlongo wake, iwo sakayandikira. Ine ndinalumpha ndi chimwemwe kuti mwana wanga wasankhidwa. Patapita zaka ndinakumbukira kuti kuseri kwa phiri kunali khanda lina, lalimuna lomwe, la banja lopanda nkhani. Aphunzitsi ankalidziwa bwino, anali atalibatiza okha. Bambo uja anali wochenjera kuposa m'mene malaya ake ankaonetsera.

Nkhani itamveka, manong'onong'o anayamba kuchitsime. Mkulu wina wa mpingo anapita kukawachenjeza aphunzitsi kuti anthu sadzuka, ndipo chikhala chipongwe pa tsiku loyera. Yankho lawo linazungulira phiri lonse: "Amene sakufuna akhale pansi. Ine sindikakamiza mlomo wa munthu."

Natale tinaichita m'mawa, poti moto wa usiku ukanationetsa kutali. Mvula inali itagwa m'bandakucha n'kusiya, dothi likununkhira, madontho akugwabe kuchokera mumkuyu. Phiri la Mulanje linkaoneka kutsidya, loyera bwino ngati alitsuka. Anthu anavala zimene anali nazo, ena masaka, ena nsalu za zigamba zokhazokha, koma aliyense anasamba ndi kudzola mafuta a nsatsi. Abambo anavala malaya oyera amene anabwera nawo ku Malawi, ndipo anaima kumbuyo kwa amuna onse. Amayi anali pamwala wawo uja. Mwana ndinamugoneka ndekha m'lichero loyala udzu wofewa, atakhuta, akuyamwa chibakera.

Sewero linayenda mwa njira yake. Amalume anatulukira ndi chisoti cha makoko a chimanga, akubangula kuti mfumu ndi iwo okha, mpaka aphunzitsi anawakumbutsa kuti atsitse mawu. Ine ndinauluka ndi mapiko atsopano osalakwitsa liwu. Koma pamene panavuta ndi pothawira ku Ejipito. Mnyamata amene anali Yosefe anamudzutsa Maria nayamba ulendo chimanjamanja, akulunjika njira yaikulu. Anthu amene anathawapo enieni sanapirire.

"Tenga mphika, iwe!" anakuwa mayi wina.

"Osadzera kumsewu! Dzera m'chinangwa!"

"Mwanayo m'phimbe pakamwa pamtsinjepo!"

Yosefe anasokonezeka, nabwerera, natola mphika wa munthu wina, nalowa m'chinangwa Maria akumukoka malaya. Anthu anaseka misozi ili m'masaya. Ndikuganiza kuti tsiku limenelo ndi pamene ambiri anazindikira kuti banja loyera lija linali anthu othawa nkhondo ngati ife tomwe, ndipo kuti Mulungu amaidziwa njira ya m'chinangwa.

Sewero litatha, lichero analiika pamphasa patsogolo. Aphunzitsi ananena mawu amene ankanenedwa chaka chilichonse, oitana Akhristu kudzalonjera Mwana. Palibe anadzuka. Ndinamva madontho akugwa pamasamba, ndi mbuzi ikutafuna. Ine ndinaima pambali pa lichero ndi mapiko anga, ndikudabwa kuti anthu akuluakulu aiwala bwanji mwambo wapafupi chonchi.

Aphunzitsi anagwada okha, mawondo awo akulira, napsompsona kaphazi kaja. Kenaka anatikodola ana. Ife sitinadikire kawiri, tinakankhana ngati pogawa nzimbe. Mwana anali ndi manyenye kuphazi. Aliyense akaikapo mlomo ankapalasa miyendo, kukamwa kopanda mano kuli yasa, akutulutsa timawu take. Mnyamata wina anamenyedwa chidendene pamphuno.

Wamkulu woyamba kudzuka anali agogo aja analira maliro a Menino. Anayenda ndi ndodo yawo pang'onopang'ono, nkhope ili gwa, ngati munthu wopita kukamwa mankhwala owawa. Anagwada, nawerama, ndipo atangokhudza anadzidzimuka.

"Ii! Uyu ndiye wofunda!" anatero mokweza.

Anapsompsona phazi linalo, kenaka mimba, kenaka anamunyamula m'lichero n'kuyamba kumuvinitsa, mwambo ataiwala. Aphunzitsi anachita kuwapempha kuti amubweze Yesu m'malo mwake, ena akudikira. Ndipo analidi akudikira. Amayi amene ankayang'ana kudenga kwathu anali atandanda, ena akuseka, ena akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Amuna anatsatira, ndi mkulu wa mpingo uja yemwe. Herode anagwada ndi chisoti chake napepesa kwa Mwana pa zonse zimene ananena.

Mzere unatha. Nthawi imeneyo inali yoyamba nyimbo yotsekera, koma aphunzitsi anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya, mbali iyi, mbali inayo, osafulumira. Anthu anayamba kucheuka mmodzimmodzi. Kumbuyo kunatsala munthu mmodzi ataimirira.

Kuchokera pamene anaima abambo kufika pamphasa sipanali patali, koma anayenda nthawi yaitali. Ine ndinkaganiza kuti ndi maso aja, ndipo ndinatsala pang'ono kukawagwira dzanja. Anafika, nagwada, nayang'ana m'lichero. Kanali koyamba kumuyang'ana mwanayo kumaso. Nkhope yawo sinkaonetsa kanthu. Anatenga kaphazi ndi zala ziwiri nawerama, ndipo nthawi yomweyo Mwana, amene anapirira milomo ya phiri lonse, anamasula madzi. Anakwera m'mwamba bwinobwino n'kutsikira pa malaya oyera a ku Malawi.

Kenaka amalume, chisoti chitapendekeka, anaphulika.

"Alamu, wakusankhani! Tonsefe watisiya, wasankha inu!"

Kwathu amati khanda likakukodzera ndiye kuti lakukonda, ndipo agogo aja anavomereza mokweza kuti nzoona. Phwete linayambira kwa ana, n'kufalikira kwa amayi, mpaka anyamata a pathanthwe anatsika kudzafunsa chachitika. Abambo anayang'ana malaya awo, nayang'ana Mwana amene ankapalasa miyendo mokondwa. Anapisa manja m'lichero namunyamula, namugoneka pachifuwa ponyowa pomwepo. Sanamupereke kwa ine ngakhale ndinatambasula manja. Anadutsa pakati pa anthu, natuluka mumthunzi wa mkuyu, mpaka pamwala pamene panakhala amayi.

"Mayi, mwana wathu wanyowa," anatero. "M'sintheni."

Aphunzitsi anavala magalasi awo nayambitsa nyimbo. Anaiyamba pamwamba kwambiri monga mwa masiku onse, anthu akuvutika kuifikira, mpaka liwu lina lochokera kumwala linaitola n'kuiika pamalo pake. Tsiku limenelo zala ziwiri zinaiwalika, anthu anawomba m'manja ndi zikhatho zonse, ndipo aphunzitsi sanaletse.

Masana tinadya nkhuku ya amalume ndi bowa wothira mchere weniweni. Titatha kudya ndinaona abambo akupinda mphasa yawo kwa amalume n'kuilowetsa m'chisakasa chathu. Kenaka anafunsa amayi kumene kuli khasu, ati chimanga chachedwa kupalira. Apa ndinayamba kukayika. Ndinawatsata n'kuwafunsa kuti tiwoloka liti.

"Sitikuwoloka," anatero. "Tikadzawoloka tidzawoloka tonse."

Dziko linandida. Sukulu yapita, buledi wapita, ndipo mwana amene anali wanga ndekha tsopano ankayenda m'manja mwa aliyense, moti chichokere kumkuyu ndinali ndisanamugwire. Ndinavula mapiko n'kuwaponyera mbuzi, ndipo ndinapita kuseri kwa chisakasa kuti ndikalire bwino popanda wondisokoneza.

Kumeneko ndinapeza amayi. Anakhala pansi, miyendo atatambasula, pamiyendo pali kamtolo. Ndinazindikira deresi langa lina, kansalu kofunda, ndi korona wawo wopempherera wa mikanda yakuda amene sankalola munthu kumukhudza. Anali atandimangira kale katundu wa ulendo, ndipo tsopano ankamasula mfundo, zala zikuwakanika, misozi ikugwera pansalu. Ankalira mopanda mawu, thupi lonse likugwedezeka. Chibwerere kuchokera kwa anthu a mfuti ndinali ndisanawaonepo akulira.

Ndinawamvera chisoni kwambiri. Ndinaganiza kuti nawonso zawapweteka kuti ulendo wanga wafa. Ndinaiwala kulira kwanga, ndinakhala pambali pawo n'kuwasisita pamsana monga ankandichitira iwo.

"Musalire, amayi," ndinatero. "Mwina chaka chamawa adzanditenga."

Anandiyang'ana, kuseka ndi kulira zitasakanikirana, nandikoka n'kundipanikiza pachifuwa mpaka ndinasowa mpweya. Ankangobwereza kuti, "Supita, supita, supita." Ine ndinkamva ngati akundiuza nkhani yoipa, ndipo ndinadabwa kuti munthu angainene bwanji akupsompsona mutu wanga.